Runx yotsitsa ikudya matayala m'kati: yambani ndi toe musanagule ma camber bolt

Achimwene, mwanena kuti munatsitsa Toyota Runx yanu ndi ma lowering spring (masipuling'i afupi otsitsira galimoto), pano matayala akutsogolo akudyeka m'kati mpaka mawaya kuonekera, ndipo komwe munakapangitsa alignment anakuuzani kuti camber (kupendekera kwa tayala m'kati kapena kunja) ya galimoto imeneyi siisinthika. Imasinthika ndithu, kungoti fakitale sinaikepo chopotokolera. Koma ine ndikukayika ngati camber yokha ndi imene yakuthetserani matayala msanga chonchi.

Mukatsitsa galimoto, lower control arm (mkono wachitsulo wogwira tayala kumunsi) imasintha kakhalidwe, tayala n'kupendekera m'kati kumwamba kwake. Imeneyo ndiye negative camber, ndipo imaoneka ndi maso, n'chifukwa chake aliyense amathamangira kuiloza chala. Chimene sichioneka n'chakuti ma tie rod (timikono tolumikiza chiwongolero ndi matayala) nawo asuntha, toe yasokonekera, kutanthauza kuti matayala sakulozanso molunjika kutsogolo, aloza m'kati kapena kunja. Tayala lopendekera limagudubuzika bwinobwino, limangolemedwa mbali imodzi. La toe yolakwika limayenda mokhwekhwereza, ngati munthu wokoka mapazi atavala masilipasi, ndipo limatha mwamsanga kwambiri. Sisitani tayalalo ndi chikhatho chopingasa. Ngati mano ake akukukandani popita mbali imodzi koma pobwerera akuterera, ndi toe. Ngati m'kati mwadyeka mosalala, ndi camber.

Camber mutha kuiyeza pakhomo. Imikani galimoto pa simenti yosapendekeka, mpweya ukhale wofanana m'matayala onse, chiwongolero chilunjike. Mangirirani nati ku ulusi, muulendeweretse pambali pa rimu, muyeze kuchoka pa ulusi kufika pa mlomo wa rimu kumwamba ndi kumunsi. Pa rimu ya 15, kusiyana kwa mamilimita 7 ndi pafupifupi digiri imodzi. Mukapeza kuti tayala lapendekera m'kati ndi digiri imodzi kapena imodzi ndi theka (-1 kapena -1.5), musataye ndalama, galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku imakhala bwino pamenepo, ndipo pa kona imagwira msewu. Ikamafika ku -2 kapena kupitirira, ikonzeni. Onaninso kuti mbali ziwirizo zisasiyane kuposa theka la digiri, apo ayi galimoto izikokera kumbali imene tayala lake laima chilili kwambiri.

Kutsogolo kwa Runx, monganso Allex ndi Corolla NZE, kuli MacPherson strut (shoko ndi sipuling'i zili pamodzi), ndipo shoko imagwirana ndi knuckle (chitsulo chonyamula wilo) pa mabawuti awiri akuluakulu. Mumachotsa lakumwamba n'kuikapo camber bolt. Bawuti limeneli lili ndi kamimba mbali imodzi, ndiye mukamalizunguliza limakankha knuckle kunja kapena m'kati, ndipo limatha kubweza digiri imodzi ndi kakuti. A Toyota nawonso ali ndi mabawuti awo oonda pakati opangidwira ntchito yomweyi. Gulani ogwirizana ndi kukula kwa bowo lanu, ndipo omangawo agwiritse torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) molingana ndi pepala la mu paketi, chifukwa bawutili ndi locheperapo poyerekeza ndi loyambirira. Akalikoka ndi paipi likhoza kuduka, akalisiya lofooka lidzaterera pa dzenje loyamba. Ma camber plate a pamwamba pa shoko amayendera limodzi ndi ma coilover (mashoko apadera otheka kukweza kapena kutsitsa), kwa inu n'kungowononga ndalama.

Wina akadzati awotche strut ndi gasi kuti aipinde, kapena akulitse bowo ndi grinder poyerekeza ndi maso, tengani makiyi anu muzipita. Chitsulo chimenecho chanyamula moyo wanu.

Kumbuyo, ngati yanu si ya 4WD, kuli torsion beam, chitsulo chimodzi cholumikiza matayala onse awiri. Kutsitsa sikusintha camber ya kumeneko kwenikweni. Tayala limodzi lakumbuyo likapendekera kuposa linzake, ganizirani zoti beam inapindika. Pakakhala kusiyana pang'ono amalowetsa shim (kachitsulo kopyapyala) kuseri kwa hub, pomwe pamamangidwa wilo.

Tsono ndondomeko yake ndi imene ambiri amaiphonya. Masipuling'i atsopano amakhazikika pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye alignment ya tsiku lomwelo siikhalitsa. Ball joint, tie rod end kapena bush zikakhala zakutha, sinthani kaye, chifukwa makina sangayeze tayala logwedera. Mabawuti a ma bush amangidwe galimoto itaponda pansi, osati ili pa jeke, kupanda kutero labala imakhala yopotoka n'kung'ambika msanga. Kenako camber, ndipo toe ikhale yomalizira, popeza mukakhudza camber toe imasuntha. Pemphani a alignment akusindikizireni manambala a poyamba ndi a pambuyo pake.

Funso langa kwa inu n'lakuti, kodi ndi ma lowering spring enieni, kapena munadula amene anabwera ndi galimoto? Ngati anadulidwa, yezani kuchoka pakati pa wilo kufika pa fenda mbali zonse ziwiri. Odula kawirikawiri salingana, shoko imagunda pansi pa hampu iliyonse, ndipo camber bolt singakonze zimenezo. Mutiponyere manambalawo pano pamodzi ndi chithunzi cha tayala lodyekalo.