Besi Yotsika Mtengo kwa Wobwerera ku Zoimba

Funso: Ndinasiya kuimba gitala ya besi kalekale. Tsopano akutchalitchi kwathu akundifuna, koma ndalama n'zochepa. Ndigule yotani? Bambo wa ku Matero, Lusaka.

Yankho: Bambo, tengani ya zingwe zinayi. Yamaha TRBX174 ndi Squier Affinity Precision Bass n'zolimba ndipo sizifuna batire. Ibanez GSR200 ili ndi khosi lowonda lokomera zala zimene zinaiwala ntchito, koma imadalira batire ya 9V, yomwe ikafooka mawu amasasa. Muzizula waya mukamaliza kuimba, chifukwa ukakhala chilowere batire imatha. Ngati zala zikuvutika kutambasuka, funani besi yaifupi, imene gawo lolira la zingwe zake ndi lotalika mainchesi 30 m'malo mwa 34.

Yogwiritsidwapo kale ntchito, monga za pa Facebook, musalipire musanaigwire. Chachikulu ndi khosi. Liyang'aneni kuchokera kumutu ngati mukuona thabwa. Likakhota pang'ono, truss rod (chitsulo cha m'kati mwa khosi) imawongola, koma lopotoka lisiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Pa fret ya 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pakhosi), mpata wa pansi pa chingwe chachikulu ukhale pafupifupi mamilimita 2.5. Ukapitirira kwambiri, zala zimapweteka msanga. Dinani fret iliyonse kumvetsera kunjenjemera. Kenako ilumikizeni ku ampu (chokuzira mawu), mupotokole timabatani tonse ndi kugwedeza waya polowera. Kukhekhereza kumabwera ndi fumbi kapena kawaya komasuka, ndipo n'kosavuta kukonza, choncho nenererani mtengo.

Siyaniko ndalama ya zingwe zatsopano ndi ampu ya besi. Ampu ya gitala wamba musaikweze mawu, sipika yake imawonongeka ndi besi.