Tifunseni: Ndatopa ndi udakaboyi, ndalama zophunzirira zomangamanga ndizipeza kuti?

Akulu, ine ndi mnyamata wa zaka 23, ndimakhala ku Mchesi. Chaka chachitatu chino ndikuponda daka ndi kukankha wilibala pa masaiti, khoma ndimatha kuimika ndithu mpaka amisiri ena amandisiyira levulo akapita kukadya, koma malipiro anga akadali a dakaboyi chifukwa pepala ndilibe. MSCE ndili nayo koma fizi ndiye ayi. Ndimangomva kuti kuli ndalama za TEVETA, kodi zimenezi zimafika kwa anthu ngati ife kapena nzongolengeza pa wailesi?
Wotopa ndi wilibala, Lilongwe

Achimwene, ndalamazo zilipo ndipo mwina bwana wanu yemweyo amasonkha nawo. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amayenera kupereka 1 peresenti ya ndalama zomwe amalipira antchito awo, imatchedwa TEVET levy, amatolera ndi a MRA. Ndalama imeneyi ndi imene imathandizira maphunziro a ntchito zamanja, nchifukwa chake fizi ya wophunzira wosankhidwa kudzera ku TEVETA imakhala yotsika kusiyana ndi ya amene walowa payekha. Makoleji aboma akuluakulu ndi Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikiza ma community technical college omwe anayamba mu 2015. Akalengeza malo lembani, MSCE muli nayo kale. Kungoti olemba amachuluka kuposa malo, musaike mtima wonse pamenepo.

Koma ine ndikanakhala inu sindikanathamangira kusiya saiti ayi. Munthu woti amisiri amakusiyirani levulo simukufunika kuyambira pa kuphunzira kugwira njerwa, chomwe chikusowa ndi umboni basi. Pitani ku ofesi ya TEVETA mukafunse za RPL, ndi njira yoyesa luso lomwe munthu analiphunzira pa ntchito nkumupatsa satifiketi akakhoza. Amakuonani mukugwira ntchito, ngati kona yanu ili sikweya, ngati mzere ukutsata chingwe, ngati daka mwasakaniza bwino. Ndiye kuyambira mawa jambulani khoma lililonse lomwe mwamanga pa foni, ndipo folomani akulembereni kalata yoti mwagwira naye nthawi yakuti. Kulipira kulipo koma sikungafanane ndi kukhala zaka ku koleji opanda ganyu.

Chinthu chomwe anthu sakuuzani nchakuti fizi si imene imagwetsa ana ambiri, koma zapambali. Ovolosi, jombo, tepi, levulo, thiransipoti ya nthawi ya attachment (pamene amakutumizani kukaphunzira ntchito ku kampani), sopo, ndiwo. Basale ikapezeka nthawi zambiri siifika konseko, ndiye yambani pano kugula chida chimodzi chimodzi pa fotinaiti, kapena lowani banki mkhonde ndi cholinga chimenechi osati cha foni yatsopano.

Makontilakita nawonso ndili nawo mawu pang'ono. Amadandaula kuti amisiri odziwa ntchito akusowa, misewu ndi milatho ikabwera mpaka kukatenga anthu kunja, koma mnyamata amene ali naye pa saiti zaka zitatu osamutumiza nkomwe kokayesedwa, pamene levy akupereka. Muwafunse abwana anu mwaulemu tsiku lomwe alandira cheke, osati Lolemba mmawa simenti itachedwa. Ena amavomera kulipira mayeso mukagwirizana kuti mukhala nawo kanthawi.

China, musakakamire njerwa zootcha zokha. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, ndiye ntchito zandalama zili pa mabuloko a simenti. Pa saiti yanu pakakhala womanga mabuloko kapena wopinda zitsulo za silabu, mmamatireni ameneyo ngakhale akutumeni madzi kakhumi pa tsiku.