Za galu wovutika pokodza uja

Achimwene, mwati galu wanu wamphongo wa zaka 9 akumatenga nthawi pokodza, mkodzo ukungodontha, pena ndi timagazi, ndiye ena akuti ndi khansa ya prostate, kachiwalo kaubereki ka amphongo. Musataye mtima msanga, khansa imeneyi siichitika kawirikawiri kwa agalu.

Choyamba, kodi ndi wofula? Prostate ili kunsi kwa chikhodzodzo ndipo inazungulira njira ya mkodzo, pamwamba pake pamadutsa thumbo la chimbudzi. Agalu ambiri osafula imawakulira akamakalamba, popanda khansa. Ikatupa imapanikiza thumbolo, n'chifukwa chake galu amakankha kwambiri pochita chimbudzi, ndipo chimatuluka chophwatalala ngati lamba. Vuto ngati ndi limeneli, akamufula imaphwa yokha pakatha masabata angapo. Koma khansa kufula sikuiletsa, sikuichizanso, imagwira ndi ofula omwe. Ndiye ngati wanuyo anafulidwa kalekale koma prostate yakula, pamenepo adokotala amayamba kukayikira khansa. Imakonda kufalikira ku mafupa a msana ndi chiuno komanso ku mapapo, moti galu amayenda moumika miyendo yakumbuyo, n'kumaonda.

Ine kuno ku Lilongwe ndimayamba ndakayikira china. Ngati amatuluka kumpanda usiku kukasaka zazikazi, pali chotupa chopatsirana pokwerana, amati TVT. Chimamera pa chokodzera, chofiira, chamabwinimbwini, chosachedwa kutuluka magazi, ndipo mumapeza madontho pakhonde pomwe wagona. Chimenechi chimachizika bwino ndi jakisoni wa vincristine, kamodzi pa sabata kwa masabata angapo. Palinso miyala ya m'chikhodzodzo ndi matenda a m'njira ya mkodzo.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto, a LSPCA, bungwe losamalira nyama ku Lilongwe, ali ndi chipatala. Akamupima ndi chala kumbuyo, akayeza mkodzo, mwina ndi sikani. Mukatha, tengerani mkodzo wa m'mawa m'kabotolo kotsuka bwino. Ikakhaladi khansa, nthawi zambiri mankhwala ake amangochepetsa ululu ndi kutupa, monga piroxicam, koma akulembereni adokotala. Chonde musamupatse Brufen wa kunyumba, amabowola chifu ndi kuwononga impso.

Akangosiya kukodzeratu, mimba n'kuuma, akusanza, musadikire kuti kuche kapena malipiro abwere. Njira ikatsekeka galu angathe kufa m'masiku awiri kapena atatu.