Ndege yopanda woyendetsa tiikhulupirire mpaka pati?

Mayi wina wa ku Muloza wandilembera imelo. Mwana wawo wawauza kuti kukubwera ndege ndi magalimoto odziyendetsa okha, ndiye akufunsa kuti: "Chinthu chopanda mantha, chosadziwa imfa, tingachipatse moyo wathu?"

Mayi, pakadali pano mankhwala ndi magazi ndingachisenzetse, koma munthu ayi.

Tindege timeneti tinafika kale kwathu kuno. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera madroni ku Kasungu. Ku Rwanda kampani ya Zipline yakhala ikuperekera magazi m'zipatala kuyambira 2016. Droni yotere amailembera njira pa kompyuta, iyo n'kumatsata GPS, munthu akungoyang'anira ali pansi. Inu a ku Muloza simufunika kuuzidwa zimene Freddy anachita mu Marichi 2023: milatho kukokoloka, midzi kudukirana, wa ma ARV kusowa podutsira. Pa nthawi ngati imeneyo kandege konyamula kabokosi ka mankhwala kamapulumutsa anthu. Kakagwera m'munda wa tiyi, tataya kabokosi basi, titumiza kena.

Nkhani imasintha mukakwezamo anthu. Makina amakhulupirira chilichonse chimene tizipangizo take toyezera tawauza, ngakhale titanama. Ndege za Boeing 737 MAX zinali ndi oyendetsa ndithu, koma munalinso pulogalamu yotchedwa MCAS yomwe inkadalira kachipangizo kamodzi koyeza mmene mphuno ya ndege yadzukira. Kachipangizoko katalakwitsa, pulogalamuyo inayamba kukankhira mphuno pansi, oyendetsa akukokera m'mwamba, iyo n'kubwerezanso. Mu Okutobala 2018 imodzi mwa ndegezi inagwa ku Indonesia, kunafa anthu 189. Mu Marichi 2019 ya Ethiopian Airlines inagwa itangonyamuka ku Addis Ababa, anthu 157 n'kutha. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti oyendetsa a ndege yoyambayo anali asanauzidwe n'komwe kuti pulogalamuyo ilimo.

Za magalimoto ndiye ndikayika koposa. Ku Phoenix, ku America, a kampani ya Waymo akunyamula anthu popanda dalaivala, izi n'zoona, koma m'misewu yomwe anaijambula kale ngodya iliyonse. Kufupi ndi komweko, ku Tempe, mu 2018 galimoto yoyeserera ya Uber inapha mayi amene ankadutsa msewu usiku akukankha njinga. Inamuona, koma inalephera kuzindikira msanga kuti ndi munthu woti adutsa, ndipo amene anaikidwa kuti aziyang'anira maso anali pa foni. Tsono ganizirani msewu wathu wochokera ku Limbe tsiku la chiperoni, nkhungu itatseka zitunda za Thyolo: wakabaza wasenza matumba a makala opingasa, amayi othyola tiyi akuyenda m'mphepete madengu ali kumsana, pa Bvumbwe minibasi yaima pakati pa msewu kondakitala akuitanira. Dalaivala wathu amawerenga ngakhale phewa la munthu n'kudziwa kuti uyu adumphira mumsewu.

Mwana wanuyo mukamufunse ziwiri: chikasokonezeka amachiletsa ndani, nanga chikapha munthu mlandu ndi wa yani? Ngati nkhaniyi yamugwira mtima, musamugwetse ulesi. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa za madroni yotchedwa African Drone and Data Academy, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya MUST, pa Thyolo pompa. Akafunse kumeneko za kalowedwe kake.