Foni sinakunamizeni bambo, mwapopera mochedwa

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji. Akuti: "Alangizi, mwana wanga anajambula chimanga pa foni nkutumiza ku ka AI ka zaulimi kaja, kapulogalamu koyankha mafunso pa foni, kanayankha kuti ndi ntchemberezandonda. Ndagula mankhwala a K15,000 ndapopera kawiri koma mbozi zikungodyabe, chimanga chafika mchiuno. Kodi makina amenewa sanandinamize?"

Bambo, chimanga mpaka kufika mchiuno inu munali kuti? Pamenepo mpomwe pali nkhani. Mbozi iyi siyamba lero kudya, imayamba chimanga chikadali ndi masamba atatu anayi, nthawi imeneyo imangopala tsamba pamwamba nkusiya timadontho toyera toonekera kuwala. Mukadzaona mabowo akuluakulu ndi zitosi zangati utuchi mumtima mwa chimanga ndiye kuti yakula kale, yalowa mkati, ndipo zitosi zomwezo zimaitchinga kuti mankhwala asaifike. Ndiye mwalowa mmunda zinthu zitaonongeka kale kenako mlandu mukupereka kwa foni.

Foniyo yanena zoona. Zida zimenezi sizongoseweretsa ayi. Pali Ulangizi wa pa WhatsApp yemwe bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa ndi alimi kuno kwathu mu 2024, amayankha mchichewa ndipo mayankho ake amawatenga mbuku la malangizo a Unduna wa Zaulimi. Palinso Nuru, pulogalamu ya pa foni ya PlantVillage yomwe inapangidwa ku Penn State University ku America mogwirizana ndi bungwe lofufuza za ulimi la IITA, iyo imayang'ana tsamba kudzera pa kamera nkuzindikira matenda a chinangwa ndi mbozi imeneyi ngakhale netiweki palibe. Anaiphunzitsa poionetsa zithunzi zambirimbiri za masamba odwala ndi abwinobwino mpaka inazolowera kusiyanitsa. Koma imangoona chomwe mwaionetsa basi, sidziwa kuti munda wanu munaupitako liti komaliza. Mukafuna kutsimikiza nokha, tulutsani mbozi imodzi yaikulu, pamutu pake pali chizindikiro cha Y wozondoka ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala mwa sikweya.

Simunanene dzina la mankhwala koma ine ndikudziwa kale, ndi cypermethrin ameneyo, ndipo munapopera masana dzuwa lili phwee, mukungowaza pamwamba pa masamba uku mukuthamangira kumaliza. Ndanama? Mbozi iyi masana imabisala, imatuluka kudya kukamada ndi mmamawa kwambiri. Komanso mankhwala a mtundu umenewo madera ambiri sakuigwiranso bwino, inawazolowera. Mu 2017 tinaziona zimenezi, mbozi itangofika kumene kuchokera ku America kudzera ku West Africa komwe inayamba kuoneka mu 2016, anthu anapopera chilichonse chomwe anachipeza kumsika, ena mpaka sopo wa ufa, ndipo pofika Disembala chaka chimenecho pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Omwe anapulumutsako kanthu chaka chija anali aja oyenda mmunda pafupipafupi, osati oti anali ndi ndalama zambiri za mankhwala.

Pano chitani izi. Osagulanso botolo lina kaye, mwataya kale ma fifitini sauzande ndipo lina lidyanso ngati omwewo. Tengani mchenga kapena dothi louma losefa bwino, sakanizani ndi phulusa, muzithira kadzanja pang'ono mumtima mwa phesi lililonse logwidwa. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira kuposa zonse pa munda wa ekala imodzi kapena awiri, ndi yaulere ndipo imafika pomwe mbozi yabisala. Inde ndi yotopetsa, msana umawawa, koma ana ali ndi nthawi yojambula pa foni alinso ndi nthawi yothira phulusa. Mukuyenda choncho muzitembenuza masamba, mukapeza mazira aunjikana atakutidwa ndi kaubweya kotuwa aphwanyeni ndi chala pompo, pa mulu umodzi pamakhala mazira 100 mpaka 200. Ena amathira msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzadya mbozi, ena nimu kapena ombwe, zimathandizako ndithu koma ine ndimayambira pa phulusa.

Ngati zakanikadi ndiye pitani kwa ogulitsa ovomerezeka osati a pa benchi kumsika, funsani mankhwala okhala ndi emamectin benzoate, werengani mlingo pa botolo osangoyerekeza ndi chivindikiro, poperani dzuwa likamalowa ndipo kamwa la sipuleya lilunjike mumtima mwenimwenimo. Muvale zodziteteza, mphuno ndi pakamwa mutseke.

Chaka chamawa yambani kuyendera munda chimanga chikangomera, kawiri pa sabata. Muziyenda mokhotakhota, muime malo asanu, pamalo paliponse muone mapesi 10. Mukapeza 10 mwa 50 agwidwa chimanga chikadali chaching'ono, nthawi yochitapo kanthu ndi imeneyo, ndipo chithunzi cha pa foni chijambulidwe tsiku limenelo. Gulugufe yemwe amaikira mazira a mbozi imeneyi amauluka mtunda wautali usiku umodzi ndiye muuzenso anzanu oyandikana nawo minda, makamaka amene anadzala mochedwa chifukwa chimanga chawo chanthete ndi chomwe amakonda kuikirapo mazira. Botolo lija mulijambule dzina lake munditumizire ndione ngati ndalasa.