Ayi mayi, kusatipula dimba si ulesi

Mayi wina wanditumizira imelo. Akufuna kukonza mabedi a masamba posanjikiza makatoni, udzu ndi manyowa, koma bambo a kunyumba akuti umenewo ndi ulesi, nthaka yolimba imafuna khasu. Kodi atipule kaye?

Mayi, mawu akuti ulesiwo andikhudza, chifukwa nanenso anandinena choncho. Tsiku lomwe ndinayala makatoni pamalo ogwa kapinga, mnansi wanga anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati ndatsegula dzala. Ndinangopitiriza kututa masamba ouma pa wilibala, thukuta lili kamukamu. Patapita miyezi, ndinakweza kachidutswa ka katoni kofewa kale. Pansi pake kapinga anali atayera mbuu, ndipo nyongolotsi zinali zitaboolaboola dothi lomwe kale khasu linkanjanja. Ndinapisamo chala, chinalowa.

Ndinene mosabisa, kutipula bedi la masamba chaka ndi chaka n'kudzipangira ntchito. Njere zambiri za udzu zimagona pansi kudikira kuwala, ndiye khasu limazitulutsa pamwamba, kenaka tizidandaula ndi kupalira. Limadulanso timaulusi ta mafangayi (tizamoyo ta mtundu wa bowa) tothandiza mizu kupeza madzi ndi chakudya, n'kugwetsa njira za nyongolotsi. Dothi likasiyidwa pamtunda, mvula imalimenya, dzuwa n'kuliumitsa gwa. Ndiye tizitcha khama zimenezi? Ine ndikukana.

Komanso njirayi si yadzana. Esther Deans ankalima mosanjikiza chonchi ku Sydney, m'dziko la Australia, m'zaka za m'ma 1970, ndipo Charles Dowding wa ku England wakhala akukolola masamba ogulitsa osatipula kuyambira m'ma 1980. Chimene chimandipweteka kwambiri n'kuona anthu akusesa masamba ouma n'kuwatentha, mawa lake n'kumadandaula kuti nthaka yaguga. Chakudya cha dimba chikupita mu utsi!

Nanga muchite bwanji?

Musatipule. Tchetchani udzu n'kuusiya pompo, thirirani, kenaka yalani makatoni mutachotsa selotepi. Apitirirane ndi masentimita 15 kuti udzu usapeze mpata, ndipo anyowetseni ndithu. Pamwamba pake sinthanitsani zaziwisi, monga udzu womweta kumene, zotsala za kukhitchini ndi ndowe, ndi zouma, monga masamba ndi mapesi odulidula. Zouma zichuluke kuposa zaziwisi, apo ayi bedi linunkha. Gawo lililonse muzilithirira. Mulu ufike masentimita 45 mpaka 60, chifukwa utitimira kwambiri ukamawola.

Mukafuna kuwokera mbande msanga, tsirizani ndi kompositi wakupsa wa masentimita 10 mpaka 15 ndipo mubzale momwemo. Kaloti ayambe wadikira nyengo yachiwiri. Ngati mwaika ndowe yaiwisi, padutse masiku 120 musanakolole masamba okhudza pansi. Kapinga azibwerera cha m'mphepete, muzimuzula akangotulukira, ndipo pabedipo musamapondepo.

Bambowo apatseni bedi limodzi atipule mmene akufunira, lanu likhale pambali pake, mbewu zikhale zofanana.