Mdzukulu wanga akuyamba sekondale: ndimugulire mphatso yanji?

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa agogo ena amene mdzukulu wawo wamkazi, wa zaka 13, wasankhidwa kupita kusukulu ya sekondale yogonera konko. Agogowa analemba kuti kwa miyezi ingapo akhala akusunga ndalama pang'onopang'ono kuti adzamugulire mwanayo mphatso, koma nthawi itakwana mutu waima, chifukwa mwanayo akulirira foni ya m'manja, mayi ake akuti ndalamazo zingolowa pogula sutikesi, pomwe iwo eni akufuna chinthu chimene mdzukuluyo aziwakumbukira nacho akakhala kutali. Funso lawo linali lalifupi: "Kodi pamenepa ndimvere ndani?"

Agogo, musanapite kukagula kanthu kalikonse, pemphani mayi a mwanayo akuonetseni kalata imene yachokera kusukulu. Sukulu zogonera konko zimatumiza mndandanda wa zinthu zimene wophunzira ayenera kubwera nazo, ndipo kawirikawiri pamakhalanso mndandanda wa zinthu zoletsedwa. Kalata imeneyo ikuthandizani kuti musagule chimene makolo agula kale, komanso kuti musataye ndalama zanu pa chinthu chimene aphunzitsi adzachilanda tsiku loyamba lomwelo posecha katundu. Za sutikesi, mayi a mwanayo sakulakwitsa, ndipo ngati mukuona kuti pakhomo pawo zinthu zathina, athandizeni mosabisa. Koma sutikesi idzagulidwabe ngakhale inu mutapanda kuigula, choncho ndingakonde kuti gawo lina la ndalamazo, ngakhale lochepa, litsale kuti mugule chinthu chochokera kwa inu nokha.

Nkhani ya foni ndiyo ikukuvutitsani kwambiri, ndipo ndikuyankhani mosapita m'mbali: musaigule pakadali pano. Ndikudziwa kuti akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imfotere yekha, koma mwambi umenewu umagwira bwino ntchito pamene chofotacho ndi nyanga ya nsatsi, osati ndalama zimene mwazisunga movutikira pamodzi ndi chaka choyamba cha maphunziro a mwana. Sukulu zambiri zogonera konko sizilola mafoni, ndipo mwana wopezeka nayo amalandidwa, nthawi zina n'kupatsidwa chilango kapena kuitanitsidwa makolo. Si nkhanza za aphunzitsi a malo amodzi okha. Dziko la France linakhazikitsa lamulo mu 2018 loletsa ana kugwiritsa ntchito mafoni kusukulu mpaka atafika zaka pafupifupi 15, ndipo mu 2023 bungwe la UNESCO linalangiza kuti zipangizo zotere zizilowa m'kalasi pokhapokha ngati zikuthandizadi pa kuphunzira. Ngakhale sukulu ya mdzukulu wanu itakhala yolola, ganizirani za usiku. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo foni yobisidwa m'bulangeti imadya maola amenewo popanda mayi kapena agogo pafupi oti anene kuti basi zimitsa. Onjezerani apo kuti m'chipinda chogona ana ambiri foni ndiyo imayamba kubedwa, ndiponso kuti siimathera pa kugula: imafuna mayunitsi ndi mabandulo mwezi ndi mwezi, ndipo mtolo umenewo udzagwera makolo amene sanaupemphe.

Komabe musamunyoze mwanayo chifukwa cha pempho lakelo. Mwana amene akuchoka pakhomo koyamba akamapempha foni, nthawi zambiri akunena zinthu ziwiri zimene sangazitchule poyera, zoti akuopa kusungulumwa ndi zoti sakufuna kuoneka wotsalira pakati pa anzake atsopano. Khalani naye pansi mumuuze chifukwa chake simugula, mufunse kusukuluko kuti ana amalankhula bwanji ndi makolo awo, ndipo ngati makolo akewo avomera, mulonjezeni kuti nkhani ya foni mudzaikambanso akakula pang'ono. Lonjezo limenelo mulipange pokhapokha ngati mudzalisunga, pakuti ana a msinkhu uwu saiwala.

Ine ndikanakhala inu ndikanagula wotchi ya pamkono. Mwina mudabwa kuti ndatchula chinthu chaching'ono chotero, koma taganizirani mmene moyo wake usinthire. Kupulayimale ndi inu akuluakulu amene munkamudzutsa ndi kumuuza kuti nthawi yakwana, pomwe kusekondale tsiku lonse limayenda ndi belu, phunziro lililonse lili ndi mphunzitsi wake, pali nthawi yowerenga madzulo, nthawi yochapa, nthawi yozimitsa magetsi, ndipo palibe amene adzamulondola pambuyo. Mwana wopanda foni alibenso njira ina yodziwira nthawi. M'chipinda cholembera mayeso wotchi imamuphunzitsa kugawa mphindi zake kuti asathere ola lonse pa funso limodzi, luso limene ana ambiri anzeru amalidziwa mochedwa. Igulidwe wotchi wamba, osati yamakono yolumikizana ndi foni, popeza zoterozo n'zoletsedwa pa mayeso ambiri. Mwachitsanzo, wotchi ya Casio F-91W yakhala ikupangidwa kuyambira mu 1989 osasintha kwenikweni maonekedwe, ili ndi alamu ndi kanyale kowonera usiku, ndipo batire lake limatha zaka pafupifupi 7, kutanthauza kuti mwana akhoza kumaliza nayo sekondale yonse osatsegula kumbuyo kwake. Sindikunena kuti mugule mtundu umenewu basi. Chimene mukufuna ndi wotchi yolimba, yosaopa madontho a madzi, yokhala ndi alamu, ndiponso yosaoneka yodula moti n'kukopa maso a wakuba. Mtundu wa lamba wake musiyireni mwini wake asankhe, chifukwa chinthu chimene mwana wa zaka 13 sachikonda maonekedwe ake chimathera pansi pa sutikesi.

Ngati ndalama zatsalako, kapena ngati wotchi ali nayo kale, chachiwiri ndi mtanthauziramawu, umene ambiri timangouti dikishonale. Kusekondale mabuku amabwera ndi mawu atsopano ochuluka nthawi imodzi, ndipo mwana amene amachita manyazi kufunsa m'kalasi amafunika malo ofunsako payekha. Ngati maphunziro ake ndi a m'Chingerezi, funani dikishonale yolembedwera anthu amene akuphunzira chilankhulocho, osati yolembedwera eni ake. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene Oxford University Press inayamba kuisindikiza mu 1948, inachokera ku ntchito ya A. S. Hornby, mphunzitsi amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan ndipo anaona yekha kuti ophunzira ake ankasowa matanthauzo osavuta ndi zitsanzo za mmene liwu limakhalira m'chiganizo. Buku lotere limalemera, koma limakhala pa desiki zaka zonse, ndipo lili ndi ubwino wina umene ine ndimauona kukhala waukulu kwa inu: tsamba lake loyamba n'lopanda kanthu. Lembanipo ndi dzanja lanu dzina lake, tsiku, ndi mawu ochepa ochokera mumtima mwanu. Ngati kulemba kumakuvutani, wina akulembereni zimene mukunena, inu musayine kapena mudinde chala.

Kalikuleta ya sayansi ndi seti ya masamu nazonso n'zofunika, koma pamenepa funsani kaye mtundu umene mphunzitsi wa masamu amalola komanso chaka chimene ana amayamba kuigwiritsa ntchito, chifukwa makalikuleta otha kusunga zolemba saloledwa pa mayeso ambiri, ndipo achinyengo otengera maina a mitundu yotchuka ndi ambiri pamsika.

Nsapato ndi zovala zodula ndikanazipewa. Pa msinkhu uwu thupi limakula mothamanga, ndipo mapazi ndiwo amatsogola kukula msinkhu usanatsatire, moti nsapato yomukwana bwino lero ikhoza kumuthina teremu yachiwiri isanathe. Chikwama cha kumsana ndi mphatso yabwino kwa mwana woyendera, makamaka chokhala ndi malamba awiri otambalala, popeza madokotala ambiri amalangiza kuti katundu wa kumsana asapitirire 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa mwana. Koma wanuyu akukagonera konko, choncho sichili patsogolo.

Pali chinthu china chimene sichikulungidwa m'pepala la mphatso koma ndimachitchula kwa aliyense wondifunsa funso ngati lanuli, ndicho kupita ndi mwana kukayezetsa maso asananyamuke. Vuto losaona bwino zinthu zakutali limayamba kapena kukula m'zaka za sukulu zomwezi, ndipo limabwera mwapang'onopang'ono moti mwanayo sadziwa kuti anzake akuona bolodi bwino kuposa iye. Kusekondale zolemba za pa bolodi n'zambiri, ndipo mwana watsopano sasankha yekha pokhala nthawi zonse. Mukaona kuti amatsinzinira poyang'ana patali, kapena amadandaula mutu akawerenga, ndalama zanu zipite kumeneko choyamba, wotchi idzabwera pambuyo. Ndimamva chisoni kwambiri ndikaganiza za ana amene amatchedwa aulesi kapena ogona m'kalasi pamene chimene chikuwasowa ndi magalasi chabe.

Popeza mdzukulu wanu ndi mtsikana, onetsetsaninso, mogwirizana ndi mayi ake, kuti m'sutikesi muli mapadi okwanira teremu yonse, kaya anayamba kale kusamba kaya sanayambe, ndi kuti akudziwa mayi woyang'anira atsikana amene angamufikire akadwala. Ana ena amamasuka kukamba zimenezi ndi agogo awo kuposa ndi mayi awo, ndipo mwayi umenewo muli nawo inu.

Mwina mudzaganiza zongomupatsa ndalamazo m'manja kuti adzionere yekha. Ndalama zambiri nthawi imodzi kwa mwana amene sanasungepo ndalama zimatha m'masabata awiri oyamba, kapena zimakongozedwa kwa anzake akuluakulu amene sadzabweza. Ngati mukufuna kumupatsa za m'thumba, zigaweni kuti azilandira pang'ono teremu iliyonse kudzera mwa makolo ake kapena mwa njira imene sukulu inakonza, ndipo nthawi iliyonse muziikapo kakalata. Ndi njira imeneyo dzina lanu lizimufika katatu kapena kanayi pa chaka, osati tsiku limodzi lonyamuka lokha.

Mphatsoyo musaiperekere pakhomo galimoto ikudikira, chifukwa tsiku limenelo mutu wa mwana umakhala uli kwina ndipo katundu amalongedzedwa mothamanga. Muitaneni kutatsala masiku angapo, mukhale awiriwiri, atsegule yekha. Ngati ndi wotchi, lembetsani zilembo zoyamba za dzina lake kumbuyo kwake kuti ikasochera idziwike mwini wake, kenako muikonze limodzi nthawi, mufunse kuti kusukuluko amadzuka nthawi yanji, ndipo ayambe kudzuka ndi alamu yakeyo akadali kunyumba kuti akafike ataizolowera kale.